Tebulo Lopanda Mwini Kudziwe

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha zinanazi. Alamu anga, amuna awo a achemwali, ankaperekera zinanazi ku loji ina yomwe inatsegulidwa m'munsi mwa phiri, kumtunda kwa Likhubula, matipate atangoyamba kumene. Tsiku lina anamva kukhitchini kuti akufuna mtsikana wodziwako Chizungu komanso wamiyendo yolimba. Ine ndinali nditangokhala kwathu ku Thuchila, sukulu itandikana pa Fomu 2, mayi akudwaladwala. Alamuwo anangoti, "Mlamu, chapani diresi lija la kutchalitchi, mawa tilawirire."

Lojiyo inali ya anthu a ndalama zawo. Mwini wake, mzungu amene anagwirapo ntchito m'mahotela a m'mbali mwa nyanja zamchere, ankati alendo ake asasowe gombe ngakhale ali kuphiri. Choncho anagula mchenga woyera, malole anautula kumsewu, anthu n'kuusenza m'matumba mpaka kudziwe lina lomwe linali kapatali ndithu ndi nyumba zogona. Anauyala m'mphepete mwa madzi n'kupatcha kuti pa bichi. Ife tinkaseka chamumtima kuona mchenga ukukwera phiri pamitu ya anthu, pomwe mvula ikadzagwa udzatsika wokha mwaulere.

Amene anandiphunzitsa ntchito anali a Mulipa, mkulu wa operekera zakudya, bambo wamfupi wosaseka wamba. Gawo langa linali chakudya chamasana cha kudziwe. Alendo akachiitanitsa, ine ndinkatsogola, kulaboksi ya chakudya kumutu, dengu la mbale kudzanja. Tebulo lopinda, mipando iwiri, ambulera ndi reki yosalazira mchenga zinkakhala m'kashedi kobisika kuseri kwa thanthwe. Ndinkayala nsalu yoyera n'kuipsinja m'makona ndi timiyala tosalala kuti mphepo isaiulutse. Mafoloko kumanzere, mipeni kumanja, kokuthwa kuloza mbale. Matambula kuwapukuta ndi nsalu youma osawagwira ndi chala. Botolo la vinyo ndinkalimanga chingwe m'khosi n'kuliviika m'dziwe, poti madzi a m'phirimo amazizira kuposa filiji. Chakudya ndinkachipakula m'mbale ziwiri n'kuvundikira.

Chomaliza ndiye chinali chachikulu. Ndinkatenga reki n'kumayenda chafutambuyo, kufufuta mapazi anga onse mpaka pamiyala, kenako n'kukabisala kuseri kwa thanthwe. Woperekeza alendo akafika pokhota njira ankaimba likhweru kuti ndidziwe kuti ayandikira.

"Mlendo asaone munthu, asaone phazi," a Mulipa ankatero. "Aziona ngati tebulo lamera lokha."

Tsiku loyamba nditabisala n'kusuzumira ntchito ya manja anga, ndinakumbukira nkhani za eni phiri. Mwana aliyense wa kwathu amakula akudziwa kuti phiri lili ndi eni ake, ndipo ukapeza chakudya chokonzakonza pamalo opanda munthu, ndi iwowo akupatsa. Umadya wekha, osaitana mnzako, osayankhula, osatengako kupita nacho kumudzi. Ukaphonya pamenepo, abale ako adzakufunafuna mpaka kutopa. Tsono chomwe ndinkayang'anacho chinali chomwecho ndendende, kungoti wochikonza ndinali ine. Nditawauza a Mulipa anandiyankha kuti, "Mwabwera kudzagwira ntchito kapena kudzaombeza?" Koma ndinaona kuti iwo eni kudziweko sankapondako, ati bondo limawapweteka.

Ndinazolowera, monga munthu amazolowera nsapato yothina. Alendo ankakondwa, ankajambula zithunzi, ena ankagona pamchengapo mpaka kufiira. Ine ndinkangomva kuseka kwawo ndili kuseri kwa thanthwe, nyerere zikundiluma.

Tsiku lovuta linabwera m'nyengo yozizira. Kunafika mwamuna ndi mkazi ongokwatirana kumene, abwenzi a mwini loji, ndipo a Mulipa anandichenjeza kuti lero pasalakwike kanthu. Wophika anakonza nkhuku yootcha, mpunga wa kokonati ndi masamba aawisi. Ndinanyamuka dzuwa likuwala bwinobwino. Koma pomwe ndinkamaliza kukoka reki, chiperoni chinayamba kutsika m'phiri. Mitengo ya tsidya lina inazimiririka, kenako dziwe lomwe, n'kutsala tebulo lokha likuyera pakati pa nkhungu. Mbalame zinasiya kulira. Ngakhale mathithi ankamveka ngati ali m'nyumba yotseka.

Ndili chibisalire, ndinaona munthu ataima kumapeto kwa mchenga, mbali yomwe kulibe njira. Sindinamumve akubwera. Anali mayi wamtali, woonda, wopanda nsapato, atafunda chitenje chofiira chofwifwa. Analibe nkhuni, analibe chikwanje, analibe chilichonse chosonyeza chomwe wadzera kuphiri. Anaima nthawi yaitali akuyang'ana tebulo, kenako mchenga wopanda phazi uja, kenako tebulo. Ndiye anagwada, n'kuwomba m'manja pang'onopang'ono.

Anapita kukasamba m'manja m'dziwe. Mpando sanaukhudze. Anatsitsa mbale imodzi, n'kukhala pamchenga atatambalala, n'kuyamba kudya ndi dzanja. Ankadya mosafulumira, misozi ikutsika, koma osatulutsa mawu ngakhale amodzi. Ali mkati anadzuka, n'kuvundukula mbale yachiwiri ija, n'kuiyang'anitsitsa, n'kuivundikiranso mosamala ngati akufunditsa mwana.

Ndinkadziwa choyenera kuchita. Ndikanatuluka n'kukuwa, akanathawa, ine n'kugawa chakudya cha mbale yotsalayo pawiri, n'kukokanso reki, ntchito yanga n'kupulumuka. Koma sindinatuluke. Ngati anali munthu, kumuitana ali pakati pa chakudya chotere kunali kumutayitsa m'phiri ndi pakamwa panga. Inde amene anaphika si mizimu, koma pamalopo, m'nkhungu imeneyo, sindikanalumbira kuti malamulo a eni phiri sakugwira ntchito. Ngati sanali munthu, ine ndinali yani woti ndithamangitse mwini malo pakhomo pake?

Kenako likhweru linalira pokhota njira. Mayi uja sanatembenuke n'komwe.

Ndinakwawa kuseri kwa miyala mpaka kunjira, n'kukumana ndi a Daisoni, woperekeza alendo wa ku Likhubula konko, alendo awiri aja ali pambuyo pawo.

"Achimwene, pamchenga pali munthu akudya," ndinanong'ona.

"Ndani?"

"Kaya. Wangotulukira m'nkhungu. Wawomba m'manja kaye."

A Daisoni anavula chipewa. Anatembenukira alendo n'kuwauza m'Chizungu kuti miyala yakutsogolo yaterera ndi chiperoni, ndi bwino abwerere. Mkazi uja, yemwe ankanjenjemera kale, anavomera msanga, koma mwamuna wake ananyinyirika njira yonse.

Ndinadikira panjirapo mpaka mtima utakhala pansi, ndipo pobwerera ndinapeza mayi uja palibe. Mvula yowaza inali itayamba, mchenga wonse uli timaenje tokhatokha, osaoneka phazi lake kapena langa. Mbale yachiwiri inali chivundikirire. Yoyamba ija inali yotsukidwa bwino, atayivundikira pamwala kuti iume. Ndinalongedza katundu osayang'ana kumbuyo, ndipo potsika ndinkamva ngati wina akundiperekeza.

A Daisoni anandilangiza kuti ndikanene kuti ndi anyani. Koma anyani satsuka mbale, ndipo ine bodza limandionekera pankhope. Ndinawafotokozera a Mulipa zonse.

"Mapazi anasiya?" anafunsa chapansipansi.

"Mvula inafufuta."

Kenako analamula kuti mbale yachiwiriyo isalowe m'khitchini mwawo. Mwini loji sanafune kumva zambiri. Anati wantchito amene amaonerera wakuba akudya chakudya cha alendo alibe naye ntchito. Ndinabweza yunifomu tsiku lomwelo. Ndinalira kuchokera pageti mpaka kumsewu waukulu, poganiza za mankhwala a mayi ndi manyazi amene ndinawapatsa alamu anga. Ndinamukwiyiranso mayi uja, kaya anali munthu kaya chiyani.

Patapita masabata angapo ndinali pamsika wa Chitakale, kuwagulitsira alamu zinanazi. Nditakweza maso ndinaona chitenje chofiira chija. Mayi yemwe uja anakhala pansi kutsidya kwa kanjira, akugulitsa nthochi, akuthamangitsa ntchentche ngati wina aliyense. Ndinafunsa mayi wa tomato amene ndinayandikana naye.

"Amenewo ndi mayi Rozita," anatero. "Anabwera ndi nkhondo ya ku Mozambiki, iwo ndi amuna awo, osabwereranso. Bambowo anakwera phiri kukacheka mkungudza dzinja lathali, mpaka lero. Mayiwa ankakwera tsiku ndi tsiku kukawaitana, anawonda ngati udzu. Koma pano anasiya. Akuti eni phiri anawalandira."

Nditangotchula kuti ndinkagwira ntchito kuphiriko, anandikokera komweko. "Mayi Rozita, mtsikanayu ankagwira ntchito cha kuphiri kwanu kuja."

Mayiwo anandiyang'ana osandidziwa, n'kundipatsa moni wa Chilomwe. Kenako anati, "Mwanawe, kudziwe kuja ndinapeza mbale ziwiri. Ziwiri. Ina yanga, ina ya bambo akunyumba. Ndiye ndinadziwa kuti komwe aliko akudya, anthu ake akuwasamala. Kuyambira tsiku limenelo tulo ndikugona."

Choonadi chinali pansonga ya lilime langa. Ndikanatha kunena kuti nkhukuyo anaotcha ndi wophika wa ku loji, kuti reki ndinakoka ndine, kuti chakudya chimenecho chinandichotsetsa ntchito. Ndinayang'ana masaya awo amene anali atayamba kudzaza, ndipo mawuwo ndinawameza.

"Koma chinthu chimodzi," anapitiriza, akumasula pansonga pa chitenje. "Anthu aja mchere amathira wochepa. Bambowo chakudya chosakolera mchere sachimva. Ine ndinalonjeza ana kuti sindikweranso. Inu mumakudziwa kudziweko, kandisiyireni uwu pamwala."

Anandipatsa kapepala ka mchere, kapulasitiki komanga mfundo. Ndinalandira ndi manja awiri. M'mawa mwake ndinakwera, ndikuzembera alonda a loji, n'kukasiya pamwala pomwe anayanika mbale paja. Ndinadzipeza ndagwada, ndikuwomba m'manja, ndipo sindinadziwe kuti ndikuwombera yani.

Pambuyo pake ndagwira ntchito m'mahotela angapo, ndipo lero ndine ndimaphunzitsa atsikana kuyala tebulo. Ndimawauza za mafoloko ndi matambula monga anandiuzira a Mulipa. Koma chomwe ndinatenga kudziwe kuja n'chakuti woperekera amaganiza kuti wapereka nkhuku ndi mpunga, pomwe chimene wodyayo walandira amachidziwa yekha. N'chifukwa chake, kaya bwana akundiyang'ana, kaya ena akudikira tebulolo, sindichotsa mbale pamaso pa munthu asanandiuze yekha kuti watha.