Chitseko chinatsala ku Mchesi

Udindo wanga mu kampani yathu ya minibasi ndinaupeza chifukwa chochedwa ku msonkhano. Zinali zaka zija matipate atangoyamba, pamene aliyense wokhala ndi kangachepe ankalota zoika galimoto pamsewu. Ife tinali anthu asanu a mumphakati umodzi ku Biwi. Ine ndinkaphunzitsa pa sukulu ina ya pulayimale ku Kawale, ndipo ndinalowa m'gululi chifukwa amuna anga anati iwo alibe mtima wopirira misonkhano.

Tinagula minibasi imodzi yoyera, yoti inali itatumikira kale anthu ena kunja, n'kulembetsa kampani ku boma. Wotitsogolera anali bambo wina wa ku Dedza amene anapuma ntchito ya ukalaliki ku fodya ku Kanengo. Bamboyu ankakonda zinthu zooneka zapamwamba. Anati kampani yopanda bodi sisiyana ndi gulu la chipereganyu, choncho tonse asanu tikhale madayirekitala.

Lamlungu logawana maudindo ndinachedwa ku kwaya. Pofika pakhonde pa wotitsogolera uja ndinapeza iwo atakhala kale tcheya, wina wachiwiri wawo, wina msungichuma, ndipo bambo wina wa ku Ntcheu, wonyadira kwambiri kalembedwe kake, atakhala mlembi.

"Madamu, inu chakutsalirani ndi chitetezo," anatero a tcheya.

"Chitetezo cha chiyani?"

"Cha galimoto. Ndi udindo wopepuka, woyenera munthu wotanganidwa ngati inu."

Ine ndinkaganiza kuti akunena za akuba. Mawa lake ndinagula loko wamkulu mumsika, n'kukamupereka kwa dalaivala, ndipo mtima wanga unakhala pansi kuti ntchito ndaigwira.

Dalaivala wathu anali bambo wofatsa, wosakonda zolongolola. Lamlungu loyamba la mwezi uliwonse ankabwera ku bodi kudzanena mmene galimoto ikuyendera. Ankaima pansi pa masitepe, chipewa chili m'manja.

"Mabwana, chitseko chapakati chikumachoka m'njanji mwake. Panopa tikumachimanga ndi lamba wa pampando."

"Lembani zimenezo, a mlembi," ankatero a tcheya. "Tidzakambirana mwezi wamawa."

Tikatero tinkabwerera ku nkhani zimene tinkaziona ngati zikuluzikulu. Mawu oti tilembe kumbuyo kwa minibasi anatitengera misonkhano iwiri. Funso loti akazi ndi amuna a madayirekitala azikwera ulere kapena ayi linatsala pang'ono kutigawanitsa. Dalaivala anabwera ndi nkhani yake ya chitseko miyezi itatu yotsatizana, ndipo ulendo wachitatu anawonjezera kuti lamba uja wayamba kuthetheka.

Lachiwiri lina m'mawa, minibasi ikutsetsereka ku Mchesi kulowera kutauni, chitseko chinachoka chonse. Kondakitala, bambo wa ana atatu, anali atachigwira pa chogwirira, ndipo anapita nacho limodzi. Anthu amene anaona ankati anatsetsereka nacho pamsewu ngati wakwera mphasa. Anasupuka bondo ndi chigongono, ndipo dengu la tomato la mayi amene anakhala pafupi ndi khomo linamutsatira. Apolisi apamsewu anali ataima chapatsogolo pang'ono. Sanavutike n'kuimika komwe, galimoto inakaima yokha pamapazi pawo.

Nkhaniyi inandipeza kusukulu nthawi ya buleki. Nditamva kuti palibe wavulala kwambiri ndinaseka nawo aphunzitsi anzanga. Kuseka kunatha patapita masiku angapo, pamene chisamani chinabwera chili ndi mayina athu tonse asanu.

"Alakwitsa awa," anatero a tcheya, akuchitembenuza chikalatacho uku ndi uku. "Ine chibadwire sindinagwirepo chiwongolero. Woyendetsa galimoto ndi dalaivala."

Komabe anatilamula kuti tivale bwino popita ku khoti, ndipo anauza a mlembi kuti atenge buku la misonkhano, woweruza akaone kuti ndife anthu olongosoka.

Woweruza anali mayi wamagalasi, wolankhula motsitsa. Anatiimika pamzere ngati ana ochedwa ku asembule.

"Woona za chitetezo pakati panu ndani?"

Anzanga anayi onse anatembenukira kwa ine nthawi imodzi.

"Mayi, munachitapo chiyani pa udindo wanuwo?"

"Ndinagula loko, bwana."

Anthu m'khoti anaseka mpaka wapolisi anawaletsa. Pofuna kundipulumutsa, a mlembi anakweza buku lawo m'mwamba n'kunena kuti zonse za kampani zili mmenemo. Woweruza anawapempha kuti awerenge paliponse pamene patchulidwa chitseko. Iwo anakonza kukhosi, n'kuwerenga ndi mawu awo owerengera mawu a Mulungu kutchalitchi. Mwezi woyamba, dalaivala wadandaula za chitseko, nkhani yaimikidwa. Mwezi wachiwiri, chimodzimodzi. Pofika mwezi wachitatu mawu awo anali atachepa, ndipo a tcheya ankangoyang'ana nsapato zawo.

"Dalaivala anachita mbali yake, anakuuzani katatu," anatero woweruza. "Mphamvu yoimitsa galimoto inali m'manja mwanu. Lamulo silifunsa wogwira chiwongolero yekha. Limafunsanso amene anamutuma pamsewu akudziwa kuti galimoto si yabwino." Kenako anandiyang'ana ineyo. "Mwati ndinu mphunzitsi. Pampando wapakhomo paja pakanakhala mwana wa m'kalasi mwanu, bwenzi lero mukundiuza za loko?"

Ana ambiri a m'kalasi mwanga ankakweradi minibasi yathu, ndipo ankakonda malo apakhomo omwewo chifukwa cha mphepo.

Anatilipiritsa chindapusa, anatiuza kuti tisamalire kondakitala mpaka achire, ndipo analamula kuti galimoto isayende mpaka itakonzedwa ndi kuyezedwa. Tinabwerera ku Biwi pa minibasi ya eni ake. Palibe mwa ife amene anafuna kukhala pafupi ndi chitseko.

Loweruka lotsatira ndinapita kwa makaniko wina wa m'dera lathu, ndinamuuza kuti andiphunzitse ngati mwana wa sitandade wanu. Poyamba ankaona ngati nthabwala. Koma ndinapitako Loweruka lililonse mpaka ndinadziwa tayala lotha, buleki yolowa pansi, ndi kusiyana kwa mafuta otayika a injini ndi a mabuleki. Ku bodi ndinapempha chinthu chimodzi: ndikati galimoto isatuluke, isatuluke, popanda kuvota. Anavomera msangamsanga, poti aliyense ankaopa kuti ndingawasiyire udindowo.

Kuyambira pamenepo ndinkadzera kwa dalaivala m'mawa uliwonse ndisanapite kusukulu. Ndinkazungulira galimoto, kugwedeza chitseko, kusuzumira pansi, iye akuponda buleki. Akondakitala a pasiteji anandipatsa dzina loti thirafiki wa chitenje, ndipo ena ankandiimikira sawatcha ndikamadutsa.

Lamulo langalo linayesedwa kwenikweni pa ukwati wa mwana wamkazi wa a tcheya. Minibasi inayenera kunyamula amayi a kuchikazi kuchoka ku Biwi kupita kutchalitchi ku Kawale. Inali itatsukidwa, itamangidwa maliboni, amayi atayamba kale kulowa. Dalaivala anandikodola n'kundionetsa tayala lakumbuyo. Mkati mwake munali monyowa ndi mafuta a mabuleki. Ataponda buleki, phazi linalowa mpaka pansi. Ndinazula makiyi.

A tcheya anabwera ali mu suti, duwa lili pachifuwa.

"Madamu, lero lokha. Ayenda pang'onopang'ono."

"Kuyenda sikukuvuta, a tcheya. Chikuvuta n'kuima."

"Ndi ukwati wa mwana wanga uwu."

"N'chifukwa chake. Mmenemu muli amayi ake ndi azakhali ake."

Anatembenuka n'kuwauza okha amayi aja kuti atsike. Panali kung'ung'udza, koma mayi wina wachikulire anavula nsapato zake zazitali, n'kuziika pamutu, n'kuyambitsa nyimbo. Tinayenda wapansi gulu lonse, ana a m'njira akutitsatira, ine makiyi nditawamanga pangodya ya chitenje. Tinafika mochedwa, mapazi ali mbuu ndi fumbi, abusa atatuluka kale kawiri kudzationa.

A tcheya anakhala milungu iwiri osandilankhula. Koma tsiku lomwelo kumadyerero, ndili pakati pa amayi anzanga, mtsikana wina woperekera zakudya anandibweretsera mbale ya mpunga yokhala ndi ntchafu ziwiri za nkhuku. Anati yachokera kutebulo lapamwamba, ndipo anamuuza kuti asanene amene watumiza.