Telala amene sankagwira tepi

Achimwene anga ankasoka pakhonde la golosale ina ku Kawale, pafupi ndi pokwerera minibasi. Makina awo anali akale, opalasa ndi phazi, ndipo pamzere womwewo panali matelala ena a makina abwinoko. Koma azimayi ankawadutsa onsewo, chifukwa achimwene sankayeza munthu ndi tepi. Ankangokuuza kuti uyende mpaka papolo la magetsi n'kubwerera, iwo akuyang'ana, basi. Akakusokera kamodzi, miyeso yako yakhala m'mutu mwawo. Amayi achikulire ndi akazi achisilamu akumsika, amene sankafuna kuti mwamuna aziwazunguliza tepi m'chiuno, ankangosiya nsalu n'kunena kuti mukundidziwa kale. Tepi inalipo, koma ntchito yake inali yomangira chivundikiro cha makina.

Ine ndine chitsirizira, ndipo pakamwa panga sipachedwa. Ndinkawaseka kuti amadziwa kunenepa kwa akazi a eni kuposa amuna awo.

Matenda anawagwira asanakwatire. Anayamba kuyankha anthu amene ife sitinkawamva. Ankati wailesi ya m'golosale ikuwatchula, ndipo ine ndikutumidwa kuti ndizikaulula zimene akuganiza. Chakudya chophika ine anasiya kudya. Tinazungulira kumapemphero ndi kwina kumene sindifuna kukutchula, kenako kuchipatala, kumene anatiuza dzina lalitali lakuti sikizofireniya. Ku Kawale anthu alibe nthawi ya maina aatali. Ankangoti telala uja anazungulira mutu.

Mapiritsi anagwira ntchito, pamenepo sindinganame. Mawu aja anazilala, achimwene anayambanso kudya nafe, ndipo patapita miyezi anabwerera pakhonde. Koma anabwerera atalemera thupi ndi maganizo omwe. Ankadzuka dzuwa litakwera. Zala zinkanjenjemera polowetsa ulusi pasingano. Ukawafunsa kanthu, yankho linkafika iwe utayamba kale nkhani ina. Sizasi ankaifuna ili pamiyendo pawo. Tsiku lina anandiuza kuti m'mutu mwawo muli ngati mwapakiridwa thonje la m'pilo, ine n'kungoti zitha. Sindinamvetsere, chifukwa ndinali ndikusangalala kuti asiya kundiopa.

Chaka chomwecho msuweni wathu wa ku Area 25 anapeza banja. Pachinkhoswe akuchikazi timavala nsalu yofanana, choncho azakhali anagula chitenje chokwanira azimayi khumi ndi mmodzi. Panali mawu akuti ntchitoyo ipite kwa telala wina. Amene anakana ndine. Ndinati anthu aone kuti achimwene achira, ndipo ndinalankhula mpaka onse anatopa nane. Tinatenga nsalu yonse n'kukaiunjika pamakina paja.

Palibe amene anayezedwa. Ine ndinaiona tepi ili pachivundikiro, ndipo ndikukhulupirira kuti azakhali anaionanso. Koma ungauze bwanji mkulu wako, pamaso pa alamu, kuti atenge tepi, pamene mbiri yake yonse ili pa kusaigwira? Kukanakhala kuwavula pagulu. Iwonso anachita manyazi kunena kuti miyeso ija yasokonekera m'mutu. Aliyense anati mukundidziwa kale, iwo n'kugwedeza mutu. Paja amati manyazi anapha lambe.

Tinakatenga zovalazo kutatsala masiku awiri. Msoko unali woongoka ngati kale, koma diresi ya azakhali inakanira m'mapewa, pamene ya mlamu wanga wochepa thupi ikanalowa anthu awiri. Yanga inali ndi chifuwa cha munthu wina. Anali atatisinthanitsa miyeso. Azakhali sanakalipe. Anangoti nsalu za masiku ano zimafota, n'kupinda diresi yawo bwinobwino. Achimwene anamva, ndipo anadziwa kuti akuwamvera chisoni. Kuchinkhoswe sanapite.

Patatha milungu ingapo, ndinaona achimwene akale akubwerera. Ankadzuka m'mamawa, phazi linkathamanga pamakina, ankaseka ndi makondakitala. Ndinauza amayi kuti mwaona, ndinanena kuti zitha. Kenako tsiku lina masana ndinapita pakhonde kukafuna batani, n'kutsegula kadirowa ka makina. Pakati pa mabobini panali mapiritsi oyera ambirimbiri, amene m'mawa uliwonse ndinkawapatsa ndi manja angawa.

"Achimwene, izi n'chiyani?"

"Ndikamwa amenewo sindine telala," anatero. "Ndimakuyang'ana, ndikudziwa kuti ndiwe, koma nambala sizibwera. Ndimangokhala ngati thumba la chimanga."

Ndinatseka kadirowa kaja. Iwo anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anatsitsa mawu.

"Wakutuma ndani kuti utsegule dirowa imeneyo?"

Funso limenelo ndinalidziwa. Ndinachita mantha, ndipo ndinadzida, chifukwa amene anawaunjikira nsalu zija ndinali ine.

Zinatitengera masiku atatu, ine ndi amayi, kuti avomere kupita kuchipatala. Kale tikapita kumeneko tinkangoti ali bwino, poopa kuoneka osayamika. Ulendo uno ndinafotokoza zonse, za thonje, za sizasi, za diresi ya azakhali. Dokotala wachizimayi amene anatilandira sanatikalipire. Anati matendawo pawokha amafooketsa kukumbukira ndi kuika maganizo pa chinthu chimodzi, ndipo mankhwala ena amaonjezera tulo ndi kulemera kwa mutu. Anati ngakhale kapiritsi kena kamene ankamwa koletsa kunjenjemera kamatha kuiwalitsa. Zimenezi zimakambidwa n'kusinthidwa pang'onopang'ono, anatero, osati kusiya wekha kunyumba. Anafunsa achimwene ntchito imene amagwira, ndipo anamvetsera mpaka anamaliza, ngakhale kuti anatenga nthawi. Anachepetsa mlingo, ena n'kuwauza kuti azimwa masana, ena pogona.

Zina zinabwerera. Tulo ta masana tinachepa, zala zinakhazikika, yankho linayamba kufika nkhani isanathe. Miyeso ya m'mutu ija sinabwerere yonse. Kaya anaidya ndi matenda, kaya ndi mankhwala, ine sindidziwa, ndipo ndinasiya kufunsa.

Loweruka lina ndinapita ndi diresi ya chinkhoswe ija kuti aikonze, poti nsalu yake ndinkaikonda. Ndinaiika pamakina n'kuyamba kulowera kupolo la magetsi mwachizolowezi.

"Bwerera," anatero. "Ima apa."

Anamasula tepi pachivundikiro. Inali itapindikapindika, nambala zina zitafufutika ndi dzuwa. Matelala ena pamzere paja anasiya kupalasa, kenako anayambiranso ngati sanaone kanthu. Achimwene anandiyeza mapewa, chifuwa ndi chiuno, ine amene anandisokera yunifolomu yanga yoyamba ya sukulu osandiyang'ana kawiri. Nambala iliyonse ankailemba ndi choko kunsi kwa nsalu, n'kuiwerenganso. Ndinafuna kuwaseka kuti ndione ngati angaseke, koma ndinangoima chilili mpaka anamaliza. Zinandipweteka kwambiri.

Azimayi ena a mukundidziwa kale aja sanabwerenso. Ena amabwera ndi diresi yakale kuti ayezerepo, ndipo azakhali ndi mmodzi mwa iwo. Achimwene akusokabe pakhonde lomwelo, tepi ili m'khosi ngati telala wina aliyense.

Loweruka lija, atamaliza kulemba miyeso yanga, anandipempha kuti ndiwabweretsere madzi m'kapu. Anatulutsa piritsi la masana m'thumba la malaya, n'kundionetsa pachikhatho asanameze.

"Waona?" anatero. "Ukauze amayi kuti ndamwa. Ndipo mawa ubwere ndi nsima yophika iweyo."