Tsiku limene ndinadya mbewu yanga ya mbatata

Kwathu ku Chapananga dzuwa la Okutobala likaomba, kholowa amauma mpaka mizu, wotsalayo mbuzi zimamaliza. Mvula ikagwa umapeza mizere ilipo koma chodzala palibe. Ndiye ine ndinkakwirira timbatata ting'onoting'ono mumchenga, m'beseni lobooka, kuseri kwa khitchini. Ndinkathirira madzi otsukira mbale, poti mjigo uli kutali. Chaka chimenecho mphukira zinatuluka zonenepa, moti ndinkazilonjera m'mawa uliwonse ngati anthu.

Kenako kunabwera apongozi anga, amayi a amuna anga, kuchokera ku Nyachikadza. Kumeneko n'kumadambo, kholowa amangoyanga yekha chaka chonse, ngakhale nkhumba zimatopa naye. Tsiku lina ndikuchokera kuchigayo ndi ufa wa mapira, ndinalandiridwa ndi fungo la nsinjiro.

"Mwananga, ndaphika kale," anatero akumwetulira. "Ndiwo zili pakhomo pompano, inu n'kumangodya nyemba tsiku ndi tsiku? Ulesitu umenewu!"

Ndinasuzumira kuseri kuja. Mayo ine! Beseni lonse mpala, kwangotsala tizitsa. Mtima unandipweteka zedi, koma apongozi sakalipiridwa. Ndinagwada, n'kuthokoza, n'kuyamba kudya mbewu yanga ya chaka chonse. Chokwiyitsa n'chakuti ndiwozo zinakoma kwabasi.

Anaulula ndi amuna anga, paja pakamwa pawo sipasunga kanthu. "Amayi, lerotu mwatiphikira munda wonse." Amayi anasiya mbamu m'mbale, n'kundiyang'ana.

M'mawa mwake ndinakumana nawo atasenza ndowa kuchokera kumjigo, munthu wamkulu, wa mawondo ovuta. Ndinathamanga kuti ndiwalandire, iwo anakana. "Ndinathyola ndine, nditunga ndine." Za ulendo wobwerera kwawo anazisiya kaye. Beseni lija analizinga ndi minga, ndipo mbuzi ikangoyandikira inkatukwanidwa m'Chisena mpaka kumakolo ake.

Mbatata sisunga mangawa. Pa kachitsa kalikonse panatuluka mphukira ziwiri, pena zitatu. Mvula itagwa tinadula n'kudzala mizere yonse, zina n'kugawira anansi.

Tsiku lonyamuka apongozi aja, ndinawaperekeza mpaka pokwerera njinga za kabaza. Ndinawapepesa kuti tawavutitsa ndi ndowa pa ukalamba wawo. Iwo anandigwira dzanja, osalisiya msanga.

"Mukanandikalipira tsiku lija, ndikananyamuka m'mawa mwake osabweranso," anatero. "Koma ndinakuonani mukumeza ndiwo zija pamodzi ndi misozi, mwananga."