Kampeni ka m'sokosi, mawa lake kuli ukwati

Anzanga, izi sindikupeka ayi, zinandichitikira ine ndemwe, ndipo chithunzi chake chikadali m'mafoni a anthu ambiri kuposa amene ndikanafuna. Mayina sinditchula poti eni ake ali moyo, ena mwa iwo ndi abale tsopano.

Zaka zingapo zapitazo ndinapita ku Perth kukakhala nkhoswe pa ukwati wa mwana wa malemu mlongo wanga. Mayi ake anatisiya iye ali Fomu 2, bambo ake sitiwawerengera, ndiye wachibale amene anakwera ndege kuchokera ku Ntcheu ndinali ndekha basi. Mkwati ndi mzungu, makolo ake anachokera ku Sikotilandi, kumene amuna pa ukwati amavala kiliti, chisiketi chaubweya chamizeremizere cholekeza m'mawondo. Lachinayi bambo a mkwatiyo anandibweretsera yanga, nanena kuti inali ya malemu bambo awo, akundibwereka chifukwa tsopano ndife amodzi. Inabwera ndi kachikwama kolendewera kutsogolo, masokosi aatali, ndi kampeni kakuthwa kamene amakasomeka m'sokosimo. Ine Mngoni mtima unangoti myaa, ndinati awa ndi anzathu, nafenso sitivina ngoma chimanjamanja. Bambowo anayamba kundifotokozera zina za kampeniko, koma ndi Chingelezi chawo cha m'mphuno chija ndinkangoti inde inde, maso ali pagalasi.

Lachisanu mwana uja anapita kukalukitsa tsitsi, ine n'kutsala ndekha pakhomo. Kodi munthu ungasunge chovala chotere mpaka mawa, anzako a pabawo kumudzi akudikira zithunzi? Ndinavala zonse, kampeni komwe, ndinakwera sitima yapamtunda ya ku Fremantle. Kiliti ilibe matumba, ndiye pasipoti inatsala m'thalauza, m'kachikwama muja munangolowa foni ndi khadi la sitima. Kunja kunkatentha ngati ku Nsanje, ubweya uja ukundiyabwa, koma ndinapirira, anthu akundimwetulira, ena akupempha kujambulitsa nane. Ndinajambula doko, ndinajambula msika, mpaka foni inazima. Ndinagula mango awiri n'kukwera sitima yobwerera.

Tsono mano anga akutsogolowa ndi oikirira, bango sindingalilume ngati kale. Nditakhala pansi ndinakumbukira kuti ndili ndi mpeni, ndinawerama, ndinausolola m'sokosi, n'kuyamba kusenda bango langa bwinobwino, makoko ndikuika m'pepala, monga timachitira m'basi ya ku Balaka. Nditadzutsa mutu ndinapeza mipando yondizungulira ili mbee. Mayi wina anali atakumbatira ana ake awiri kukona, bambo wina akulankhula pafoni motsitsa mawu akundiyang'ana. Mukudziwa zimene ndinachita? Ndinaganiza kuti ana aja akusirira bango, ndinaimirira kuti ndiwagawireko, mpeni uli m'manja. Mayi uja anakuwa.

Pa siteshoni yotsatira zitseko zitangotseguka ndinaona apolisi, manja ali m'chiuno, akundilamula kuti ndiponye mpeni pansi. Ine amene ndinaphunzitsa Chingelezi ku pulayimale mpaka kupuma ntchito, tsiku limenelo chinandithawa chonse, chimene chinatuluka ndi mayo ine basi. Ananditulutsa, anandikhazika pabenchi, anaika kampeni kaja m'pulasitiki. Anandifunsa pasipoti, ndinalibe. Anandifunsa kumene ndikukhala, ine ndinkadziwa njira ndi miyendo yokha, kuti ukatsika umakhota pa nyumba ya mpanda wobiriwira. Nambala ya mwana inali m'foni yakufa ija. Mmodzi ananena mwaulemu ndithu kuti kutulutsa mpeni m'sitima ndi mlandu, ndipo ngati sindidziwika ayenera kunditengera kupolisi.

Abale, ndinachita mantha amene sindinachitepo. Thukuta linkatsikira m'masokosi. Za chitokosi sindinkaziganiza kwambiri ayi. Ndinkaona mwana wa mlongo wanga mawa lake atavala zoyera, abusa akufunsa kuti wa kuchikazi ndani, tchalitchi chonse chili zii. Ndinalonjeza pamanda a mayi ake kuti sadzaima yekha, ndiye ndimusiye chifukwa cha bango?

Amene anandipulumutsa ndi mayi wina wa ku Chipata, namwino, amene anali m'sitima momwemo akuchokera kuntchito. Anamva mayo ine uja, anatsika dala, n'kudzandifunsa m'Chinyanja chawo chija kuti atate, mwachokera kuti. Misozi inalengeza. Anawafotokozera apolisi kuti kwathu mpeni ndi bango zimayendera limodzi, iwo anamvetsera koma anati afunabe munthu wondidziwa. Mayiyo anandipempha kuti andijambule, natumiza chithunzicho ku gulu la pafoni la Amalawi ndi Azambiya a mumzindamo, akufunsa kuti malume awa ndi a ndani. Taganizani, mwamuna wa imvi, siketi, madzi a bango pamalaya, wapolisi uku wapolisi uku. Ndinkafuna chithunzi, ndinachipeza.

Sipanathe ola, ndinaona mwana uja akuthamanga, tsitsi mbali imodzi yoluka ina ili nyankhalala, pasipoti yanga ili m'manja, bambo a mkwati ali pambuyo wefuwefu. Bambowo analankhula ndi apolisi nthawi yaitali, akuloza kiliti, akuloza ine. Pomaliza anandichenjeza kolimba n'kundimasula, kampeni anakapereka kwa mwini wake. M'galimoto ndi mmene ndinamva kuti Lachinayi lija bambo a mkwati ankandiuza kuti kampeniko n'ka pamwambo pokha, ndisatuluke nako pakhomo, ndipo sikasololedwa pagulu.

Ndinkadikira kuti mwana andikalipira, bola akanatero. Titafika pakhomo anandifunsa motsitsa kuti malume, inunso mumafuna mundisiye ndekha? Mpaka lero funso limenelo likandibwerera chakudya sichilowa.

Mawa lake ndinavala kiliti yanga, sokosi ili yopanda kanthu, manyazi ali tho. Nditafika kutchalitchi ndinayang'ana miyendo ya amuna a kuchimuna, ndipo onse, kuyambira bambo aja mpaka mkwati, analibe kampeni. Anasiya kunyumba kuti ine ndisaoneke wolangidwa. Abusa atafunsa za wa kuchikazi ndinaimirira n'kuyankha.

Chimene ndimakhulupirira tsopano n'chakuti chovala cha eni chimabwera ndi malamulo ake, ndipo Mulungu ndiye anakweza namwino uja m'sitima imene ija. Inu amene ana akukuitanani kunjaku, mwini chinthu akamalankhula musamangoti inde inde, safunsa anadya phula. Nambala ya mwana lembani papepala, ndipo bango mukadyere kunyumba.