Bala la khasu la achimwene

Achimwene, lero pa wailesi amati akatswiri akuyesa timankhwala tosaoneka ndi maso. Akatipaka pabala n'kuunikapo nyali, timapha mabakiteriya amene amadzikuta ndi utomoni kuti mankhwala asawafike. Nditamva, mtima wanga wawira.

Ndakumbukira bala lija munadzitema pamwendo ndi khasu pa ganyu ku Namitambo, lomwe linakana jakisoni aliyense. Tsiku limene anamwino ankapala mnofu wowolawo, ine ndinakupanikizani pabedi. Munamenya beseni ndi mwendo winawo, mafinya ndi magazi mbwee pansi. Munandiluma pamkono mukukuwa kuti, "Chemwali, ndisiye, angoudula!" Anaudula ndithu, koma matenda anali atalowa kale m'magazi. Tinakuikani m'manda, pamkono pomwe munandiluma paja pasanapole. Usani mumtendere, achimwene anga.