Waya umene ndinakoka pa Lirangwe

Alamu anga a Yusufu, lero chatha chaka chikuikireni m'manda. Ana anu aika pakhoma chithunzi cha galimoto yathu yampikisano ija, ati munaipanga nokha. Nanga amene ankawotcherera malata kuseri kwa nyumba yanu ku Chileka, mpaka maso kufiira, anali ndani?

Tsiku la mpikisano, tikulowa pa Lirangwe, waya wa akisileta, wopatsira injini moto, unaduka. Eni magalimoto ogula kunja ankangotidutsa pa tala. Ndinalumikiza waya wa buleki ya njinga, kuudutsa pa boneti, n'kuukulunga kudzanja. Inu chiwongolero, ine moto. Munkakuwa kuti, "Kokani alamu! Siyani, mutipha! Kokaninso, mukukama mbuzi kodi?" Tinafika kumapeto anthu akubalalika, zala zanga zikuchucha magazi, inu mukuseka. Zala zimenezo sizipindika mpaka lero. Zaka zonsezi munkangoti mudzawakhazika pansi anawo n'kuwauza zoona, koma simunatero. Pano ndikaiyamba nkhaniyi amatsinana, ati nkhalamba mutu wayamba kusokonekera. Mboni ndinali nayo imodzi, inuyo alamu, ndipo mwagona pakamwa muli tseke.