A Msaiwale ndi Mabaji Okwechedwa

Ku Maddington kuno mukafunsa za a Lamson Msaiwale, ambiri adzakukandirani mutu. Koma mukati msilikali wopanda hatchi, ngakhale Azambia a ku Morley adzakulozerani nyumba. Dzinalo ndinawapatsa ndine, ndipo sindipepesa. Munthu sanakwerepo ngakhale bulu kwawo ku Mponela, koma afunseni za asilikali a pa hatchi, mudzaphonya basi.

Ntchito yawo ndi yoyendetsa fokolifiti kumsika wa Canning Vale. Anzawo akaweruka amathamangira mpira, iwo amathamangira kabokosi ka mabaji: tizitsulo tija asilikali akale ankavala pachipewa ndi pamkono. Matendawa anawatenga kumsika wa zinthu zakale. Baji yoyamba yomwe anagula inali yabodza, ndipo manyazi ake ndi omwe anawaphunzitsa. Kuyambira pamenepo, ukawapatsa baji, sayang'ana nkhope yake. Amaitembenuza.

"Mlamu," anandiuza tsiku lina, "yeniyeni anachita kuidinda pa makina, ndiye chithunzi chimaoneka ndi kumbuyo komwe. Yabodza amathira m'chikombole. Kumbuyo kwake kumakhala timaenje ngati chitumbuwa."

"Mukanatembenuza chonchi pofunsira," ndinatero, "bwenzi a Dorcas akadali kwa makolo awo?"

Sanaseke. A Msaiwale kuseka amachita ngati kuli ndi msonkho. Koma bodza sanena, ngakhale laling'ono lija lomwe tonse timakometsera tsiku. Ukawafunsa ngati diresi yakukhala, konzekera mtima.

Kuseri kwa mpanda wawo kunkakhala mzungu wokalamba, agogo Brown, yekhayekha. Mwana wawo wamkazi anali ku Melbourne, ndipo nthawi ya Covid ija malire atatsekedwa sankatha kubwera. A Dorcas, akazi a Msaiwale, ankawapachikira chakudya pampanda. Mutu wa agogowo unali utayamba kutaya zinthu, ndipo iwo eni ankadziwa.

Madzulo ena agogowo anaitana a Msaiwale, aliyense mbali yake ya mpanda, masiki kukamwa. Anawapatsira kachitini ka fodya. Mkati munali mabaji awiri akuda bii: ina ya pachipewa, ina ya pamkono yooneka ngati chitsulo chija amakhomera kuphazi kwa hatchi.

Agogowo anati bambo awo anali wosula zitsulo za hatchi kunkhondo yoyamba ya dziko lonse ija. Moyo wawo wonse akhala akunena zimenezo. Koma mwana wa ku Melbourne anati mwina zinthuzo anangogula pamsika n'kuiwala, monga amaiwalira mankhwala.

"Lamson," anatero m'Chingerezi chawo chomeza mawu, "nkhope ya bambo anga yandithawa. Tsopano sindikudziwa ngati ndikukumbuka kapena ndikupeka. Undiuze zoona ndisanaiwale kuti ndinafunsa."

A Msaiwale anaika kachitiniko pa tebulo, kuti adzaone bwino pa dzuwa akaweruka mawa lake.

Apa m'pomwe a Dorcas akulowera. Mayi ameneyu analeredwa bwino, ndiye vuto lake. Kwathu mbale ya eni siibwerera yakuda. Ukabwereka poto umakabweza akuwala kuposa mmene anabwerera, apo ayi mudzi wonse udziwa kuti amako sanakulange. Onjezerani Covid, nthawi yomwe a Dorcas ankatsuka ndi paketi ya shuga yomwe. Atatsegula kachitini n'kuona tizitsulo takuda, tandere yobiriwira, anangoti Ambuye, mwamunayu andichititsa manyazi kwa azungu. Anatenga ndimu, mchere ndi sitiluwulu.

Mawa lakelo ine ndinafika kudzabwereka sefa, n'kuima pakhomo monga mwa lamulo la masikuwo, basi a Msaiwale akutulukira. Mabaji ali pa kansalu, akuwala ngati mano a golide.

"Mayi a Atusaye, mwatani?"

"Ndatsuka. Kapena mumafuna mukabweze ndi litsiro?"

"Litsiro limenelo ndiye zaka zake! Mwachotsa zaka handiredi ndi ndimu!"

"Ndiye muzinena. Ine ndimalota? Masokosi anu akada mumati ndi zaka?"

A Msaiwale anakhala pansi pa sitepe, mabaji m'manja, ngati munthu wolandira uthenga wamaliro. Kuda kuja ndi umboni wina, chifukwa kuda kwa zaka ndi kuda kopaka zimasiyana. Ndiponso chinthu cha eni chinali chitasintha m'nyumba mwawo.

Kenaka chizolowezi chinawagwira, anatembenuza. Kumbuyo a Dorcas sanafikeko kwenikweni, timphete tosokera baji pa nsalu tinkawakola sitiluwulu. A Msaiwale anatulutsa galasi lawo lokuzira zinthu, n'kuyang'ana nthawi yaitali mpaka ine miyendo inayamba kudandaula.

Ya pachipewa inali ndi timaenje. Yabodza. Ya pamkono inali yodinda bwinobwino, ndipo kamphete kamodzi kanathyokapo kale, wina n'kukawotchereranso mokhuthala, mwamphamvu, mosasamala kukongola.

"Auzeni kuti zonse ndi zenizeni," ndinawalangiza. "Mdala watsala ndi masiku angati? Mukamuuza kuti ina ndi yabodza, aziti mwana wake ananena zoona, bambo ake onse ndi opeka."

"Anandipempha zoona, mlamu."

"Zoona amadyera?"

A Msaiwale anaimirira, mabaji m'manja. Anapita kumpanda, a Dorcas pambuyo atagwira m'chiuno, ine pambuyo pawo chifukwa sefa ndinali ndisanalandire.

Anayamba ndi kupepesa za kukwechako. Kenaka anati ya pachipewa si ya nthawi ya nkhondo, inapangidwa pambuyo pake. Ya pamkono ndi yakale ndithu, ya wosula zitsulo za hatchi, ndipo amene anaikonza ankadziwa moto ndi chitsulo. "Koma kuti anali bambo anu, chitsulo sichinena," anatero. "Pamenepo sindinganame."

Agogo Brown ankaoneka ngati sakumvetsera n'komwe. Maso anali pa kachitsulo kowalako. Anakapukuta ndi chala chachikulu, kawiri, katatu, monga munthu wochita zomwe manja akudziwa.

"Kankawala chonchi," anatero. "Bambo ankandikhazika pakhonde kuti ndikapukute. Ndikasiya pakona, ankandikoka khutu. Chala ichi analibe chikhadabo, hatchi inawaponda." Analoza baji inayo. "Ya pachipewa tinawaika nayo m'manda. Iyi anagula ndi mayi, kuti chitini chisaoneke chamasiye."

Ngati anakumbukadi kapena mutu unangowasokera nkhani yabwino, ine masiku amenewo sindinaliko. A Msaiwale akuti mbali ya manda ija ikugwirizana ndi zomwe chitsulo chinanena. Kwa iwo zimenezo n'zokwanira. Akanatsatira malangizo anga, bwenzi nkhani ya mayi ija sinatuluke, koma zimenezo musakawauze.

Malire atatsegulidwa mwana uja anabwera, n'kupeza bambo ake sakumuzindikira bwino. Nkhani ya chikhadabo anaimvera kwa a Msaiwale, pampanda pomwe paja. Agogowo anasamukira kunyumba yosamalira okalamba, kachitsulo atakabaya pa juzi, ndipo akuti ankakapukuta ndi chala mpaka kumapeto.

Yabodza ija anasiyira a Msaiwale. Ili m'bokosi limodzi ndi zenizeni, ikuwala kuposa zonse. Bokosilo tsopano lili ndi loko, ndipo kiyi amayenda naye ku Canning Vale. A Dorcas akuti palibe vuto, tsiku lina adzaiwala m'thumba la thalauza, ndipo wochapa ndi iwo.